Matumba a bowa wa oyisitala olimira pakhomo

Ndinagula matumba awiri a bowa wa oyisitala okhala kale ndi mbewu, yomwe anaisakaniza ndi mapesi a chimanga owiritsa kuti tizilombo tife. Wogulitsa anandilangiza kuti ndiwaike m'chipinda chozizira, ndiwaboole m'mbali, ndipo ndiziwaza madzi kawiri pa tsiku. Thumba limodzi linaphukitsa bowa wotuwa patangotha mlungu, ndipo ndinazula katatu konse, koma linalo linachita nkhungu yobiriwira, zomwe zinandikhumudwitsa poganizira mtengo wake. Bowayu sachedwa kupsa. Ndinamukazinga ndi anyezi ndi tomato, tsiku lina ndinamutendera, ndipo wotenderayo ndiye anayendetsa bwino nsima. Ndidzagulanso, koma ndidzasankha matumba amene ayera mbee ponseponse.