Kabokosi ka ma cigar asanu ka ongoyamba kumene: mmene kanachitira m'nyengo yozizira ya ku Dedza

Mwezi wa May alamu anga, amene amayenda ulendo wa ku Johannesburg kawirikawiri kudzera pa chipata cha Dedza, anandibweretsera kabokosi ka ma cigar asanu kamene sitolo ina ya ku Johannesburg imagulitsa kwa anthu ofuna kuphunzira kusuta fodya wa mtunduwu. Munali ma cigar atatu a ku Dominican Republic ndi awiri a ku Nicaragua, kodulira kumutu, machesi ataliatali, kapepala ka malangizo ndi kapaketi kosunga chinyontho kolembedwa nambala 69, kutanthauza chinyontho cha 69 pa 100 iliyonse. Ndakhala nako miyezi iwiri, ndipo mwa asanuwo ndinasuta bwino atatu, umodzi unandidwalitsa, wina unawonongeka ndisanauyatse n'komwe.

Amene anazolowera ndudu za m'paketi ayenera kudziwa kuti cigar ilibe pepala kapena fyuluta. Yonse ndi masamba a fodya okhaokha, ena opindidwa m'kati, tsamba lina lowamanga pamodzi, ndi tsamba losalala lakunja limene limakulungidwa mopendekera kuchokera kumapazi, mbali yoyatsa moto, mpaka kumutu, mbali yolowa m'kamwa. Masambawo amaumitsidwa ndi mpweya monga timachitira ndi bale m'chigafa, koma kenako amaunjikidwa milu kuti atenthe okha kwa milungu yambiri, ndipo kutenthako n'kumene kumachotsa ukali wa fodya wamuwisi. Onse asanu anali a msinkhu wotchedwa robusto, wotalika pafupifupi mainchesi 5, ndipo nambala 50 yolembedwa pambali imatanthauza kunenepa kwake, magawo 50 mwa magawo 64 a inchi imodzi. Umodzi umatha mphindi 45 kapena ola lathunthu, choncho si fodya wosutira pa siteji podikira minibasi.

Atatu a ku Dominican Republic ndiwo anayenera dzina la kabokosika. Tsamba lawo lakunja ndi la mtundu wa Connecticut, lolimidwa pansi pa mthunzi wa nsalu, ndipo maonekedwe ake ali ngati tiyi wamkaka. Utsi wake unali wofewa, wonunkhira ngati mtedza wokazinga ndi thabwa la mkungudza, ndipo phulusa lake lotuwa linkagwirana mpaka kupitirira chala chimodzi lisanagwe. Ndinkapuma pafupifupi mphindi imodzi ndisanakokenso, chifukwa ndinaona kuti ndikafulumira moto umapsa kwambiri ndipo kukoma konse kumasanduka kuwawa.

Awiri a ku Nicaragua, olembedwa kuti achokera ku Estelí, anali oderako ngati chikopa, ndipo m'maganizo anga sanayenere kukhala m'bokosi la munthu wongoyamba. Woyamba ndinausuta pakhonde madzulo ndisanadye nsima. Ndisanafike pakati ndinayamba kutuluka thukuta m'nyengo imene aliyense pa boma pano wavala jekete, mutu unazungulira, mseru unandigwira, ndipo mayi a kunyumba anachita kundipangira tiyi wa shuga wambiri kuti ndibwerere mwakale. Utsi wa cigar sumezedwa kupita m'mapapo, umangozunguzidwa m'kamwa n'kutulutsidwa, koma nikotini amalowabe m'thupi kudzera m'kamwa momwemo, ndipo tsamba la mu robusto imodzi ndi lochuluka kuposa la ndudu khumi. Kapepala ka malangizo kanatchula za kusameza utsi m'tizilembo tating'ono kumapeto, koma za kuyamba mwadya sikananene chilichonse. Sikananenenso kuti kusameza utsiko sikuteteza munthu ku khansa ya m'kamwa, ya pakhosi ndi ya kum'mero, nkhani imene wogulitsa katundu kwa anthu osadziwa anayenera kuilemba pamwamba.

Kodulira kaja n'kachabechabe. Kali ndi mpeni umodzi wobuntha umene umafinya mutu wa cigar m'malo modula, moti tsamba lakunja linayamba kumasuka m'kamwa mwanga tsiku loyamba lomwelo. Lezala yatsopano inagwira ntchitoyo bwino kuposa iko, bola munthu adule pang'ono chabe pamwamba pa phewa, malo amene mutu wa cigar umayambira kukhota. Machesi okha ndi abwino, chifukwa amapatsa nthawi yowaula mapazi a cigar mozungulira moto usanafike pa chala.

Vuto lalikulu linali kasungidwe, ndipo apa ndi pamene ndinachita manyazi monga mwana wa mlimi wa fodya. Bambo anga sankagwira bale masana dzuwa likuswa mtengo. Ankadzuka mbandakucha kukasankha masamba ali ofewa ndi mame, chifukwa tsamba louma limangofumbutuka m'manja. Ine zonsezi ndinkazidziwa, komabe ndinasiya ma cigar m'kabokosi kake ka katoni pa shelefu, ndikudalira kapaketi kaja. Cigar imafuna chinyontho cha pafupifupi 70 pa 100 iliyonse, pamene mphepo ya June ndi July kuno kumapiri ndi yozizira komanso youma moti milomo imang'ambika. Katoni salepheretsa mpweya kulowa, choncho patatha milungu itatu kapaketi kamene kanali kofewa ngati kali ndi phala kanauma gwa. Wachiwiri wa ku Nicaragua uja nditaugwira unalira ngati tsamba la chimanga chouma, ndipo chikopa chake chinang'ambika kuchokera kumapazi mpaka pa kalamba ka pepala. Wotsala wa ku Dominican Republic ndinaupulumutsa pouika m'botolo lagalasi lotseka bwino, pamodzi ndi kasiponji konyowetsedwa pang'ono koikidwa m'kachivindikiro kuti kasakhudze tsamba, ndipo patapita milungu iwiri unafewanso ndithu, ngakhale kuti fungo lake linali litachepa. Wogulitsa akanalemba mzere umodzi wokha wonena kuti katoniyo ndi yonyamulira basi, osati yosungiramo, cigar imodzi ikanapulumuka. Mapaketi ena olowa m'malo ndinafunsa m'masitolo a pa boma pano koma palibe amene anali atawaonapo.

Za mtengo, alamu atanditchulira ndalama zimene analipira ndinawerengera kuti cigar imodzi ikuposa mapaketi angapo a ndudu wamba, zomwe zimapweteka kwambiri ukakumbukira zimene mlimi amalandira pa kilogalamu ya bale ku okushoni ya ku Kanengo. Kwa munthu wamkulu amene amasuta kale ndipo akufuna kudziwa kusiyana kwa masamba, ma cigar atatu aja ndi phunziro labwino, koma kugula bokosi lonse ndi kulipiriranso zinthu zina zimene sadzazigwiritsa ntchito. Ulendo wa December ndawauza alamu kuti adzangonditengera awiri a tsamba la Connecticut ogulidwa paokha, kodulira ka mipeni iwiri ndi mapaketi atatu a chinyontho, ndipo botolo lagalasi lija ndalitsuka kale.