Laputopu yozima yokha ku Salima, ndi mmene sitolo inasamalira walanti yake

Ntchito yanga ndi yotaipa ndi kusindikiza makalata pa Kamuzu Road kuno ku Salima, choncho kompyuta ndiyo khasu langa, ndipo tsiku limene yagona m'nyumba mwanga mumalowa njala. Yakale itatopa sindinafune kugula yogwiritsidwa kale ntchito, koma ndinapita ku sitolo ina ya zipangizo zamagetsi m'tauni muno, yomwe likulu lake lili ku Lilongwe, n'kugula laputopu ya m'katoni yokhala ndi walanti ya miyezi 12.

Pa tsiku logula sindinapeze chodandaula. Mnyamata wogulitsa anatsegula katoni ine ndikuona, anayatsa makinawo, n'kundionetsa kuti nambala ya kunsi kwake ikufanana ndi ya pa katoni. Anandipatsa lisiti la EFD pamodzi ndi invoisi, ndipo kuseri kwa invoisiyo anadindako chidindo cha walanti. Chidindocho chinangotchula miyezi basi, osanena kuti makina akawonongeka kangati amasinthidwa, kapena kuti kukonza kuzitenga masiku angati. Ine sindinafunse, ndipo pamenepo cholakwa chinali changa. Chimene ndinachita bwino n'chakuti madzulo omwewo ndinapanga fotokope ya lisitilo, chifukwa pepala la EFD limafufutika likamva kutentha, moti pofika Novembala lisiti lenileni linali litayera ngati silinalembedwepo kanthu.

Ndinagula mu Ogasiti, mwera ukadaomba, ndipo kwa miyezi iwiri laputopuyo inagwira ntchito bwino lomwe. Dzuwa la Okutobala litakula, inayamba kuzima yokha cha m'ma 12 koloko masana, popanda chenjezo lililonse pa sikirini, ngakhale batire linali lodzaza. Ulendo woyamba inazima ndili pakati potaipa mayeso a aphunzitsi ena amene anali atakhala pabenchi kudikira, ndipo masamba atatu amene ndinali ndisanasunge anapita.

Kusitolo anailandira mwaulemu n'kundiuza kuti pano sakonza, zonse amatumiza ku Lilongwe. Sanandipatse chikalata chilichonse chosonyeza kuti katundu wanga ali m'manja mwawo, anangolemba dzina langa m'kope lawo. Patatha masabata awiri inabwera ataikamo Windows yatsopano, ati vuto linali mavairasi, ndipo mafayilo anga onse anali atafufutidwa popanda kundifunsa. Mwayi wake ambiri ndinali nditawasunga pa fulashi. Masiku anayi asanathe inazimanso.

Ulendo wachiwiri mlandu unapita kwa magetsi. Mnyamata uja anati, “Achimwene, magetsi a kunoku mukuwadziwa, ndi amene akuwononga zinthu,” ndipo anandisinthira tchaja. Ndinamufotokozera kuti laputopu ya batire labwino siizima magetsi akathima, komanso kuti yangayi inkazima ngakhale nditaichotsa kukhoma. Anavomera ndi mutu, koma zimenezi sanazilembe paliponse. Apa ndi pamene pali chilema chachikulu cha sitoloyi: wolandira dandaulo ali ku Salima, wokonza ali ku Lilongwe, ndipo pakati pawo pamangoyenda makina opanda mawu a mwini wake. Ulendo wachitatu inabwera ndi kapepala konena kuti aiyesa tsiku lonse ndipo sanapeze vuto lililonse.

Kapepalako kanandipsetsa mtima, koma nditaganiza bwino ndinaona kuti amisiriwo sanali kunama. Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene tauni ya Salima ili pa mamita 500 okha, ndipo aliyense amene watsikapo mapiri a ku Mvera mu Novembala amadziwa mmene mpweya wotentha umamulandirira asanafike n'komwe pa Kaphatenga. Purosesa, imene ili ngati ubongo wa kompyuta, ikatentha kufika pafupi ndi madigiri 100 imayamba yachepetsa liwiro, ndipo kutentha kukapitirira imazimitsa makina onse kuti isapse. Laputopu imene yangoyatsidwa patebulo m'chipinda chozizira, osaipatsa ntchito, ikhoza kukhala tsiku lonse osafika pamenepo ngakhale fani yake ili yodwala. Ikabwera pansi pa malata anga n'kuyamba kunyamula zithunzi ndi masamba ambirimbiri, matenda amaonekera ola lisanathe. Kutentha kokha sikukanakhala chifukwa, pakuti kompyuta yakale ya mnzanga inkagwira ntchito m'chipinda chomwecho osazimako.

Mmisiri wina wokonza mafoni pafupi nane anadzipereka kuti aitsegule, koma ndinakana, chifukwa sitika ya pasikuluwu ikang'ambika sitolo imakhala yapeza pothawira. M'malo mwake ndinayamba kusonkhanitsa umboni. Ndinkalemba m'kope nthawi imene yayatsidwa ndi imene yazima. Mu Event Viewer ya Windows, mmene kompyuta imasungamo mbiri ya zimene zaichitikira, ndinapeza mzere wa Kernel-Power 41, umene umalembedwa nthawi iliyonse makina akazima mosatsata njira yake, ndipo ndinajambula mizere yonseyo. Kenako ndinang'amba kachidutswa ka pepala, n'kukaika pa timabowo ta m'mbali totulutsa mpweya, n'kujambula vidiyo pafoni: pulogalamu yoonetsa kutentha ikukwera kudutsa madigiri 90, kapepala kali chete osagwedezeka, mpaka sikirini inada.

Ulendo wachinayi ndinatseka malo anga a ntchito n'kukwera minibasi ndekha, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, laputopu ili pamiyendo. Mmisiri wa ku likulu, bambo wachikulire wosayankhulayankhula, ataona vidiyo ija anangoti, “Pepani bambo, izi akanandiuza kale,” ndipo anaitsegula ine ndili pomwepo. Fani inkazungulira pang'ono n'kuima, kenako n'kudzidzimuka akaigusa ndi chala. Ntchito yopeza vuto limene linandizunza miyezi iwiri inatenga mphindi zosakwana 20. Bambo ameneyu ndimamuyamikira, ndipo ndikukhulupirira kuti luso m'sitoloyi lilipo ndithu.

Zovuta zinali ku ofesi ya abwana. Anati fani ya mtundu umenewo ilibe m'dziko muno, aitanitsa kunja, koma poti ndalama zakunja zikusowa sangalonjeze tsiku. Kusowa kwa ndalama zakunja ndi nkhani yoona imene wamalonda aliyense akuidziwa, komabe pashelefu kumbuyo kwawo panali makatoni a laputopu zofanana ndi yanga. Nditapempha kuti andisinthire, anayankha kuti lamulo la sitolo yawo ndi lakuti katundu akagulidwa sabwezedwa, amangokonzedwa. Nditafunsa ngati angandibwereke makina ena podikira, anati zimenezo sachita.

Kumeneko ndi kumenenso ndinadziwira kuti walanti yanga inali ya sitolo, osati ya kampani yopanga makinawo. Makampani akuluakulu monga HP, Dell ndi Lenovo ali ndi masamba pa intaneti pamene munthu amalemba nambala ya makina n'kuona tsiku limene walanti inayamba ndi limene idzathe, ndipo ndi bwino kuchita zimenezi pafoni usanapereke ndalama. Ine ndinachita mochedwa, n'kupeza kuti miyezi ya kwa opanga inali itayamba kuwerengedwa kalekale makinawo asanafike m'manja mwanga.

Nditabwerera ku Salima ndinalemba kalata ya tsamba limodzi, yotchula masiku onse amene makina anapita ndi kubwera, zimene anachita pa ulendo uliwonse, ndi zimene mmisiri wawo anapeza. Ndinatchulamo lamulo loteteza ogula la 2003, komanso kuti bungwe la CFTC, loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, lakhala likuchenjeza amalonda kuti kukana udindo pa katundu wowonongeka ndi mawu akuti “wagula wagula” n'kulakwira lamulo. Ndinawapatsa masiku 14, ndipo ndinaumirira kuti mnyamata wa kunthambi asayine pa fotokope yanga kuti walandira. Ku CFTC sindinafikeko. Sabata isanathe anandiimbira foni kuti ndikatenge laputopu ina, ndipo mawu a abwana aja pafoni anali ofewa ngati a munthu wina.

Yatsopanoyi yadutsa miyezi itatu tsopano osazimapo, ndipo ndikaika dzanja m'mbali mwake mpweya wotentha umamveka ukutuluka. Kwa wogula wa kuno ku Salima ndinganene kuti mitengo ya sitoloyi si yoipa, katundu wake ndi watsopanodi ndipo antchito ake ndi aulemu, koma walanti yake imayenda pokhapokha mwini makina atadzisandutsa mlembi, mboni ndi mtengatenga. Pa miyezi isanu yoyambirira laputopu inatha masabata asanu ndi awiri ili kwa iwo, ndipo ndalama za minibasi ndi za makasitomala amene anapita kwina palibe anazitchula. Nditapempha kuti walanti ya makina atsopanowa iyambe pa tsiku limene ndinawalandira, anakana, ati ikuwerengedwabe kuchokera mu Ogasiti. Nkhani imeneyo ndaiyikanso m'kalata yachiwiri, ndipo yankho lake silinabwere.