Thupi la maikolofoni ya valavu: brass kapena aluminiyamu?

Odzipangira okha maikolofoni ya valavu (kababu ka galasi kokweza mphamvu ya mawu) nthawi zambiri amasankha pakati pa brass (mkuwa wosakaniza ndi zinki) ya mtundu wa C360 ndi aluminiyamu ya mtundu wa 6061.

Mtengo: aluminiyamu ndiyotchipa.
Kulemera: brass imaposa aluminiyamu pafupifupi katatu, choncho imafuna choimikira cholimba.
Pa lathe (makina osemera zitsulo mozizungulitsa): brass imadulika bwino osathira mafuta, pomwe aluminiyamu imamatirira kumpeni mukapanda kudonthezapo palafini.

Nkhani yaikulu ili pa sefa ya waya yoteteza capsule, kachipangizo kotola mawu. Sefa ya brass imalumikizika kuthupi ndi solder (mtovu wowotcherera) wamba, koma pa aluminiyamu solder sagwira. Komanso aluminiyamu yochitidwa anodize (kuikidwa khungu lolimba loiteteza) pamwamba pake sipadutsa magetsi, ndiye palani pamene pafikira waya wa ground (wa earth), apo ayi muzimva kulira kwa magetsi kwa 50 Hz.

Amene akufuna yopepuka komanso yosaboola m'thumba atenge aluminiyamu. Woyamba kumene, brass ingamuchepetsere mavuto.