Ma DVD a kaunjika a Michel Bouquet, shopu yake ndi yabwino koma za pa siteji mulibe

Amene mumakonda mafilimu akale achi French, pali kashopu kena ka pa intaneti kogulitsa ma DVD a kaunjika kuchokera ku France, ndaodako mafilimu a Michel Bouquet, katswiri wa zisudzo waku France, ndipo ndakhutira ndithu ngakhale pena pandiwawa. Katundu anafika atakulungidwa bwino, ma disiki opanda zokalika, komanso mwini shopu amalemba chilungamo pa filimu iliyonse ngati ili ndi ma subtitle achingelezi kapena ayi, zomwe ogulitsa ambiri sachita, umangozindukira wagula chinthu choti sukumva olo liwu limodzi.

Bouquet anabadwira ku Paris mu 1925 nkumwalira mu April 2022 ali ndi zaka 96, ndiye mukaona mafilimu akewa motsatana mumachita kumuona munthu akukalamba pamaso panu. Ine ndinayambira La Femme infidèle ya Claude Chabrol ya 1969, mmenemo ndi bambo wa pabanja wofatsa amene watulukira kuti mkazi wake ali ndi chibwenzi, sakuwa, salalata, amapita kunyumba kwa mwamuna winayo nkukhala pansi kumacheza naye mwaulemu ndithu koma nkhopeyo abale, milomo ikumwetulira maso ali gwaa, mpaka iwe woonera mtima uli phaphapha kudikira kuti chiphulika liti. Disiki imeneyi yokha ndalama yanga inabwerera. Kenako Le Promeneur du Champ-de-Mars momwe anasewera ngati pulezidenti François Mitterrand akudwala kumapeto kwa moyo wake, apa anali atayandikira zaka 80 ndipo anapata nayo César, mphoto yaikulu ya mafilimu ku France, mu 2006, kachiwiri, poti yoyamba analandira mu 2002. Chithunzi cha disiki iyi ndi choyera bwino, mawu akumveka mpaka kupuma kwake.

Chondidandaulitsa nchakuti munthuyu moyo wake weniweni unali pa siteji, mu 1945 ali mnyamata anali akusewera kale mu Caligula ya Albert Camus, anadzaphunzitsa ku Conservatoire, sukulu ya zisudzo ya ku Paris, anasewera m'masewero olembedwa ndi Molière mpaka ukalamba, ndipo sewero la Ionesco la mfumu yokana kufa lija linamupatsa mphoto ya zisudzo za pa siteji yotchedwa Molière mu 2005, koma mu shopumu za zisudzo za pa siteji sindinapezemo kalikonse. Ndinafunsa pa imelo, anandiyankha msanga mwaulemu kuti zoterozo sizibwerabwera ndipo zikapezeka sizichedwa kutha, akuti adzandidziwitsa. Chabwino, koma zimandipweteka kuti theka la ntchito ya munthu wamkulu chonchi silikupezeka pa shelefu.

Kwa anzathu akumudzi chenjerani ndi nkhani ya region, kutanthauza chigawo cha dziko lapansi chomwe disiki inapangidwira kuti iziwerengeka, ma DVD aku Europe ndi a region 2, omwe ali ku UK ndi ku Joni alibe vuto poti South Africa nayo ili momwemo, koma Malawi ndi Zambia zili mu region 5 ndiye muyambe mwaona ngati player yanu imawerenga zonse, apo ayi onerani pa laputopu. Ndalama yotumizira ndiyomwe imaluma kuposa ma disikiwo, bola kusonkherana awiri atatu nkuoda pamodzi phukusi limodzi.