Chala chomwe anandisoka: mmene chilili patatha chaka ndi theka

Ndimapala matabwa ku Glen View kuno ku Harare, ndipo anzanga a ntchito amakonda kundigwira dzanja n'kufunsa ngati chala chija chinabwerera mwakale. Makina odulira matabwa anandidya nsonga ya chala chamkombaphala, mbali ya mnofu yomwe timagwirira zinthu, mpaka fupa kuonekera.

Adokotala anati njira zilipo ziwiri: kufupikitsa fupa n'kutseka bala, kapena kusenda khungu la kuseri kwa chala chapakati, osalidula lonse, n'kulipindira pabalapo. Yachiwiriyi amaitcha cross-finger flap, ndipo ndi yomwe ndinasankha. Zala ziwirizo zinakhala zosokedwa pamodzi pafupifupi milungu itatu kuti khungulo lipeze magazi pamalo atsopano, kenako anazilekanitsa. Pomwe anasendapo anamatapo kachikopa kochokera pamkono.

Kutalika kwa chala kulipo ndithu, ndipo kwa mmisiri imeneyo si nkhani yaing'ono. Hamala ndimagwira, chizulo ndimagwira. Khungu lake ndi lolimba, silinang'ambikepo.

Nkhani ili pa kumva. Miyezi yoyambirira nsongayo inali dzanzi lokhalokha, ngati ndavala chala cha wina. Kenako kunabwera kunyerenyetsa, moti ngakhale bulangete likakhudza ndinkadzidzimuka. A fizo, aja a kuchipatala othandiza ziwalo kuyambanso kugwira ntchito, anandiuza kuti ndizivundula chalacho m'mbale ya mpunga ndi kuchipaka pa nsalu zokhakhala, zomwe mayi a kunyumba ankaseka nazo kwambiri, koma zinathandiza. Kumvako amakuyesa pokhudza chala ndi kawaya ka nsonga ziwiri, iwe utatsinzina. Chala chabwino chimazindikira nsonga ziwirizo zikatalikirana mamilimita 3 kapena 4, pomwe changa chimafuna 8. Ndiye timisomali ting'onoting'ono ta mipando ija ndimatola ndi chala chapakati, osaganizanso n'komwe.

Chomwe sichinasinthe ndi kuzizira. Juni ndi Julayi wa ku Harare mukumudziwa. M'mawa podikira kombi nsongayo imawawa mpaka m'fupa, zala zina zonse zili phee. Magolovesi sachoka m'thumba.

Maonekedwe nawo, musanamizidwe. Khungu la kuseri kwa chala ndi lakuda kuposa la m'chikhatho, choncho pansonga pali kachigamba kakuda koonekera patali, ndipo pamamera timaubweya tiwiri tomwe ndimazula. Chikhadabo chinamera chonse koma chimapindikira pang'ono kutsogolo. Chala chapakati, chomwe chinapereka khungu, chinauma kwa miyezi ingapo, ndipo chinamasuka chifukwa chochipindapinda tsiku ndi tsiku.

Bala likakhala laling'ono, fupa lisakuoneka, nthawi zambiri limapola lokha pongomangidwa, ndipo kumva kumabwerera bwino kuposa kwanga. Palinso njira ya V-Y, yongokokera kutsogolo khungu la chala chomwecho, opaleshoni imodzi basi. Langa linali lalikulu komanso lopendekera kumnofu, choncho V-Y sikanakwanira. Atandifunsanso lero ndingasankhe yomweyi, kungoti fizo ndingaiyambe msanga ulusi ukangochoka.