Kuwedza tuna masiku angapo: kugona m'boti ku San Diego kapena kumabwerera ku Hout Bay madzulo aliwonse?

Anzanga okonda mbedza, amene mwatopa ndi kuwedza m'mphepete ndipo mtima ukufuna tuna weniweni wa panyanja yamchere, njira zake zilipo ziwiri ndipo zimasiyana kutali ngakhale nsomba yake ndi yomweyo. Ina ndi ya ku San Diego ku California, komwe umakwera boti nkumadya, kusamba ndi kugona momwemo mpaka ulendo utatha. Ina ndi ya ku Cape Town, komwe umabukitsa masiku angapo otsatizana koma tsiku lililonse mumanyamuka mbandakucha pa doko la Hout Bay kapena Simon's Town nkubwerako madzulo.

Tiyambe ndi San Diego popeza nkomwe zogona panyanjazi zinakhazikika. Maboti amanyamukira pa Fisherman's Landing, H&M Landing ndi Point Loma Sportfishing, ndipo ena mwa otchuka ndi Royal Polaris, Excel, Independence ndi Red Rooster III. Awa si timaboti ayi, Excel ndi yotalika pafupifupi mamita 38, muli zipinda zogona, bafa, khitchini ndi wophika wake. Maulendo alipo a tsiku limodzi ndi theka, a masiku 3, a masiku 8, ena mpaka kupitirira masabata awiri kutsikira kumwera m'madzi a Mexico monga ku Alijos Rocks ndi Hurricane Bank. Boti lisanatuluke limaima kaye potengera nyambo, ma sardine amoyo amathiridwa m'matanki ndipo luso lonse lagona pamenepo: kusankha kansomba kathanzi, kukakoweka msanga osakafinya, nkukaponya kakusambirabe. Ukachedwa nako m'manja kafooka, tuna sakayang'ana nkomwe.

Chokoma cha kumeneko ndi nthawi. Mukugona boti likuyenda, mukadzuka muli kale pamalo a nsomba, ndipo tuna wa mtundu wa bluefin nthawi zambiri amadya usiku ndiye kaputeni akangoiona pa makina ake amakuwa pa sipika kunena kuya kwake, anthu nkudzambatuka ndi tulo m'maso kukatsitsa ma jig, nyambo zachitsulo zolemera. Maola amene mbedza yako imakhala m'madzi ndi ambiri kuposa kwina kulikonse. Ndipo nsomba zake ndi zoopsa kukula, yellowfin, mtundu wa tuna wa zipsepse zachikasu, ikapitirira mapaundi 200, amene ndi makilogalamu pafupifupi 90, ndi yomwe aliyense amapitira ulendo wautaliwo. Mu 2010 Mike Livingston anakoka ya mapaundi 405 ali pa boti la Vagabond, tangoganizani nsomba yolemera makilogalamu oposa 180 pa ndodo.

Koma dziwani kuti simukhala nokha. Boti limodzi limatenga anthu 25 kapena 30, nonse pa chitsulo cha m'mbali chomwecho, ndiye nsomba zikayamba kudya aliyense amatsatira yake kuzungulira boti, wina kudutsa pansi pa mnzake wina pamwamba, zingwe zikapiringizana antchito a m'boti ndi amene amamasula kapena kudula kumene. Munthu woyamba kumene amapanikizika zedi pamenepa. Nsomba ukaikweza amaikhomera nambala yako nkuiponya m'chipinda cha madzi ozizira pansi pa boti, mudzaonananso pa doko. Ndipo nkhani ya nseru musaitenge mopepuka, ngati mafunde sakuyanjani palibe kotsikira, boti silingabwerere chifukwa cha munthu m'modzi amene akusanza, mupirira mpaka thupi lizolowere.

Palinso mapepala. Madzi ambiri amene amawedzamo ndi a Mexico choncho pafunika pasipoti ndi chiphaso chowedzera cha dzikolo. Malo ena otchuka anatsekedwa, zilumba za Revillagigedo zinasanduka paki yoletsa kupha nsomba mu 2017. Kwa ife a pasipoti ya Malawi kapena Zambia vuto lalikulu ndi viza ya America, mukukumbukira kuti mu 2025 anayamba kutiuza zoti tizipereka kaye chikole cha ndalama chofika mpaka madola 15,000 pa viza yokacheza. Onjezanipo tikiti ya ndege, mtengo wa boti, ndi kangachepe ka antchito a m'boti komwe kumeneko ndi mwambo ndithu osati kufuna kwako.

Tsopano Cape Town. Mmalawi amalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30, ndipo ambiri a ife tili ndi m'bale kapena mnzathu amene akukhala konko, ena ku Hout Bay kwenikweniko, ndiye pogona sipavuta. Maboti ake ndi ang'ono, anthu anayi kapena asanu ndi m'modzi basi, othamanga kwambiri. Mumanyamuka kusanache, maola awiri kapena kuposerapo mukudumpha mafunde kupitirira Cape Point, nsonga ya mtunda kumwera kwa Cape Town, mpaka makilomita 40 kapena 70 kunja, kufunafuna pomwe madzi obiriwira ozizira asinthira kukhala abuluu ofunda ochokera ku mtsinje wa m'nyanja wa Agulhas. Kumeneko mumasaka zombo zikuluzikulu zopha nsomba za hake, chifukwa zikamakoka maukonde zinyenyeswa za nsomba zimagwera m'madzi ndipo tuna amatsatira pambuyo, mbalame za albatross zili mbuu pamwamba.

Apa ndi pomwe ine mtima wanga uli. Kaputeni amazimitsa injini, mnyamata wa m'boti nkuyamba kudula tinsomba ta pilchard nkumaponya kachidutswa kamodzikamodzi m'madzi, ndipo pakapita kanthawi mumayamba kuziona ndi maso zikubwera kuchokera pansi, msana wakuda, zipsepse zachikasu zazitali ngati chikwakwa, zikutola nyambo pafupi penipeni ndi boti. Kenako amabisa mbedza m'kachidutswa kena nkukasiya kamire limodzi ndi tinzake. Ikangotenga, reel, chopukusira chingwe chija, imalira, amakumanga lamba m'chiuno ndi m'ntchafu ndipo nkhondo yake umamenya uli chiimire, ola lathunthu litha kutha nsomba ikungozungulira pansi pa boti miyendo ikunjenjemera. Yellowfin za makilogalamu 50 mpaka 80 si zachilendo kumeneko, ndipo pamakhalanso longfin, mtundu wina wa tuna, zocheperako zomwe ndi zabwino kuphunzirirapo. Popeza ndinu ochepa, kaputeni amakhala pambali pako kukuuza nthawi yopukusa ndi nthawi yoisiya ithamange. Thandizo lotere pa boti la anthu 30 mulipeza mwa apo ndi apo.

Chovuta cha Cape Town ndi mphepo. Ija ya kumwera chakum'mawa ikauka maboti satuluka, ndipo itha kuomba masiku angapo osaleka, amene munakulira kunyanja mukudziwa mmene Mwera umakhalitsira asodzi pagombe. Choncho osabukitsa masiku atatu nkugula tikiti yobwerera tsiku lachinayi, dzipatseni sabata yathunthu ndipo mufunsiretu kuti ndalama yanu itani ngati ulendo walephereka chifukwa cha nyengo. Nyengo yabwino ndi kuyambira Okutobala mpaka Disembala, kenako Malichi mpaka Meyi. China ndi choti maola anayi kapena asanu tsiku lililonse amathera panjira, kupita ndi kubwera, pomwe mnzanu wa ku San Diego nthawi imeneyo akuwedza kapena ali mtulo. Chiphaso chowedzera mwachisangalalo chimafunika, ndipo nsomba yogwidwa ndi chiphaso chimenechi saloledwa kugulitsa, ndiye konzekeranitu firiji ndi anthu oti mugawane nawo chifukwa tuna m'modzi banja limodzi silingathe.

Ine ndikuti ngati simunayambe mwalimbanapo ndi tuna, yambani ndi Hout Bay. Mukasanza tsiku loyamba madzulo mugona pabedi losagwedezeka nkuganiza bwino ngati mawa mubwererenso, ndipo ndalama yomwe ikanathera pa ndege ndi viza ikwanira masiku owonjezera panyanja. San Diego isungireni nthawi yomwe mwadziwa kuti mimba yanu imapirira mafunde, mfundo za chingwe mumamanga nokha ngakhale mumdima, ndipo mukufunadi ija ya mapaundi 200. Ndipo ngakhale pamenepo yambani ndi ulendo wa masiku 3, osathamangira wa masabata awiri.