Kukopera fayilo ya Stylelint kapena kuika malamulo pa npm?

Mukakhala ndi mapulojekiti awiri okha, kukopera fayilo ya .stylelintrc (yosunga malamulo a Stylelint, chida choona ngati CSS, chilankhulo chokongoletsera mawebusaiti, yalembedwa bwino) kuchoka kwina kupita kwina n'kosavuta, ndipo palibe angakudzudzuleni. Vuto limayamba akachuluka. Wina asintha lamulo la mitundu kuno, uko aiwala, pakatha miyezi CSS yanu ikuoneka ngati simugwirira ntchito limodzi.

Njira inayo ndi kuika malamulowo m'phukusi la npm (malo osungira ndi kugawana mapulogalamu a JavaScript), pulojekiti iliyonse n'kumangoliitana ndi mzere umodzi wa extends mu .stylelintrc yake, monga anthu amachitira ndi stylelint-config-standard, phukusi la malamulo okonzedwa kale. Mukakonza pamalo amodzi, mapulojekiti onse amangokweza version ya phukusilo. Ine ndimakonda imeneyi, ngakhale phukusilo limafuna munthu wolisamalira. Stylelint 16 itachotsa malamulo a mipata ndi indentation (kulowetsa mizere mkati) mu 2023, okopera aja anafunika kutsegula fayilo iliyonse payokhapayokha.